Mabuku Oceza Nawo: Mmene Anafikira Kwathu

Aphunzitsi ndi ana a sukulu nonse, nkhani yathu ya lero ndi ya mabuku amene munthu amawerenga popanda womutuma. Alipo mabuku a masamu ndi a sayansi amene timatsegula cifukwa belu lalira ndipo mphunzitsi waima kutsogolo. Koma aliponso ena amene munthu amatsegula madzulo atatsiriza nchito zace, pamene palibe mayeso omudikira. Amenewa tiwache mabuku ocezera, pakuti munthu amakhala nawo monga mmene amakhalira ndi bwenzi lace pakhonde. Tidzakamba za mitundu itatu: nkhani zopeka, nkhani za moyo wa munthu, ndi mabuku ophunzitsa kuphika. Tiyeni tione kumene anacokera, anthu amene anayamba kutilembera, ndi cifukwa cace mabuku ena abwino akusowa m'manja mwanu.

Buku lisanabwere

Musaganize kuti makolo athu anali osowa zocezera cifukwa analibe mapepala. Dzinja likatha, cimanga cili m'nkhokwe, ana ankasonkhana pamoto kwa agogo ao. Agogo akati, "Padangokhala," ana onse ankayankha kuti, "Tili tonse," ndipo Kalulu ankayamba kupusitsa Fisi ndi Njobvu kufikira tulo titagwira wamng'ono wa onse. Zimenezo zinali nkhani zopeka. Ku bwalo nako madoda ankasimba zimene anaona ndi maso ao kapena zimene anamva kwa atate ao: mmene Angoni a Zwangendaba anaolokera Zambezi m'caka ca 1835 tsiku limene dzuwa linada masana, ndiponso mmene Nsingo mwana wa Mpezeni anamenyanirana ndi Azungu m'caka ca 1898. Zimenezo zinali nkhani za moyo. Ndipo pa mafuwa mtsikana ankayang'ana dzanja la amai ace, naona kuculuka kwa nsinjiro imene athira mu nkhwani, ndi nthawi yothirira cidulo m'therere. Limenelo linali buku lace la zophika.

Cotero mitundu itatu yonseyi tinali nayo kale. Cimene cinali kusowa ndi cosungiramo. Nkhalamba ikamwalira, nthano zimene sinauze munthu zinkapita nayo kumanda, ndipo mdzukulu wopita kutali kukagwira nchito analibe njira yonyamulira mau a agogo ace. Buku linadzathetsa bvuto limeneli.

Mabuku oyamba

Kulemba ndi kuwerenga kunafika kuno kum'mawa ndi amishoni. A mpingo wa Dutch Reformed anamanga pa Magwero, pafupi ndi Chipata, m'caka ca 1899, ndipo ansembe a White Fathers anafika pa Kachebere m'caka ca 1903. Colinga cao cinali cakuti anthu adziwerengere okha mau a Mulungu, motero mabuku oyamba anali a a-e-i-o-u, a katekisma ndi a nyimbo. Buku Lopatulika lonse m'Cinyanja linatsirizidwa m'caka ca 1922, ndipo kwa zaka zambiri m'nyumba zoculuka linali buku lokhalo. Anthu ankaliwerenga popemphera, komanso ankaliwerenga pofuna nkhani yokoma. Nkhani ya Yosefe wogulitsidwa ndi abale ace, kapena ya Davide ndi Goliati, inkawagwira mtima monga nthano za pamoto.

Buku lina limene linayenda kwambiri ndi lija analemba John Bunyan ku England, lotuluka m'caka ca 1678, limene m'Cinyanja linachedwa Ulendo wa Mkristu. Ndi nkhani ya munthu wosenza katundu wolemera amene acoka kwao nakumana ndi zoopsya zambiri panjira. Makolo athu, amene ankayenda pansi milungu yambiri kupita ku migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Johannesburg, sanabvutike kuimvetsa. Koma mabuku onsewa anali ocokera kunja. Munthu wowerenga sankapezamo mudzi wace, kapena dzina longa lace.

Nthondo

Zinthu zinasintha cifukwa ca mpikisano. Bungwe lina la ku London, lochedwa International Institute of African Languages and Cultures, linkapempha anthu a mu Afirika kuti alembe mabuku m'zinenero zao, ndipo wopambana ankalandira mphotho. Mphunzitsi wina wa mishoni ya Nkhoma ku Nyasaland, Samuel Josiah Ntara, anatumiza nkhani yace yochedwa Nthondo, napambana. Bukulo linasindikizidwa m'caka ca 1933, ndipo caka cotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Cingerezi nalicha Man of Africa.

Nthondo ndi nkhani ya munthu mmodzi kuyambira kubadwa kufikira imfa yace. Atate ace amwalira iye ali mwana, akula wosamva ndi wakuba, apita kutali kukafuna nchito, abwerera kwao, alowa ufumu wa mudzi, ndipo potsiriza atembenuka mtima. Inu a lero mwina simungaone cacilendo pamenepa. Koma taganizani za mnyamata wa m'zaka zimenezo amene atsegula buku napezamo maliro olira monga amalirira kwao, milandu yoweruzidwa pa bwalo, ndi amai otsira mwana phala. Kwa nthawi yoyamba anaona kuti moyo wa pamudzi ndi woyenera kulembedwa. Zindikiraninso kuti Ntara anapeka munthu, koma anamulemba monga munthu amene anakhalakodi, ndipo mphotho anailandira pa gawo la mbiri ya moyo wa munthu. Pa ciyambi peni-peni, nkhani yopeka ndi nkhani ya moyo zinabadwira m'nyumba imodzi. Pambuyo pace Ntara analemba Mbiri ya Acewa, ndiponso moyo wa mfumu yeni-yeni, Msyamboza.

Lusaka ayamba kusindikiza

Kuno ku Northern Rhodesia boma linayambitsa nyuzipepala ya Mutende m'caka ca 1936, yolembedwa m'Cingerezi ndi m'zinenero zinai za dziko lino: Cibemba, Cinyanja, Citonga ndi Cilozi. M'caka ca 1937 kunakhazikitsidwa komiti yoona za mabuku a anthu akuda, yochedwa African Literature Committee. Nchito yace inakula, ndipo m'caka ca 1948 maiko awiri anagwirizana kukhala ndi ofesi imodzi ku Lusaka, Northern Rhodesia and Nyasaland Joint Publications Bureau. Mphunzitsi, kalaliki kapena mlaliki amene anali ndi nkhani ankaitumiza kumeneko. Akaiwerenga ndi kuikonda, ankapangana ndi makampani osindikiza a ku Britain monga Macmillan ndi Longmans kuti ituluke pa mtengo umene munthu wamba angathe.

Mabuku a nthawi imeneyo anali aang'ono, a cikuto cofewa, olowa m'thumba la malaya. Mwa olemba Cibemba anachuka Stephen Mpashi, amene buku lace Cekesoni Aingila Ubusoja linatuluka m'caka ca 1950. M'Cinyanja munatuluka mabuku monga Kazitape la E. W. Chafulumira, Kalenga ndi Mnzace la Josiah Phiri, ndi Zomfula Mkazi Wacimaso-maso la Jacob Zulu. John Gwengwe anatenga nthano yakale ya mbalame youlula mlandu wa munthu wopha mbale wace, naikulitsa kukhala buku lochedwa Sikusinja ndi Gwenembe. Popeza Cinyanja ndi Cicewa ndi cinenero cimodzi, mabukuwa ankadutsa malire pa Mwami popanda cobvuta: lolembedwa ku Dedza linkawerengedwa ku Katete, ndi lolembedwa ku Chipata linkawerengedwa ku Lilongwe.

Nkhani zambiri za masiku amenewo zinali ndi mutu umodzi: mnyamata kapena mtsikana acoka kumudzi, apita ku tauni, akomedwa ndi ndalama ndi zobvala, naiwala malangizo a makolo. Olembawo sanausankhe mutuwu mwangozi. Migodi ya mkuwa inali itatsegulidwa kuyambira ca m'ma 1930, ndipo midzi yambiri inatsala ndi akazi, ana ndi okalamba. Banja liri lonse linali ndi wace amene anapita osabwerera. Munthu powerenga Zomfula ankaseka, koma ankaganizanso za mlongo wace.

Wailesi nayo inathandiza. M'caka ca 1949 kunabwera kawailesi kochipa ka batire, kooneka ngati poto, kamene anthu anakacha Saucepan Special. Harry Franklin, mkulu wa ofesi yofalitsa nkhani, ndiye analimbikira kuti kapangidwe, ndipo kankagulidwa ndi mapaundi asanu. Nthano zimene kale zinkamveka pamoto umodzi tsopano zinamveka m'midzi mazana nthawi imodzi. Dziko litalandira ufulu, Julius Chongo anachuka ndi pologalamu yace ya Poceza m'Madzulo, m'mene iye yekha ankalankhula mau a nkhalamba, a mwana, a mkazi wolongolola ndi a fisi, munthu n'kumayesa muli anthu khumi m'cipindamo. Ambiri amene anamva nkhani zotere pa wailesi anayamba kufuna-funa zina m'mabuku.

Panafunikanso malo obwerekako mabuku. Zambia Library Service inayamba m'caka ca 1962, ndipo inkatumiza mabokosi a mabuku ku masukulu ndi ku malo ena akutali ndi njanji. M'caka ca 1966 kunakhazikitsidwa Kenneth Kaunda Foundation, ndipo kampani yace yosindikiza, NECZAM, inatulutsa mabuku ambiri a olemba a dziko lino, pakati pao Ticklish Sensation la Gideon Phiri m'caka ca 1973. Buku la Dominic Mulaisho, The Tongue of the Dumb, losimba za mwana wosalankhula ndi mkangano wa pakati pa mudzi ndi mishoni m'cigwa ca Luangwa, linatuluka ku London m'caka ca 1971 ndipo linawerengedwa m'maiko ambiri.

Munthu asimba za moyo wace

Tsono tibwere ku mtundu waciwiri. Nkhani yopeka imakoma cifukwa sitidziwa mathero ace. Nkhani ya moyo imakoma pa cifukwa cina: mathero timawadziwa kale, koma tifuna kudziwa njira imene munthuyo anadzera.

M'caka ca 1962 kampani ya Heinemann inayamba kutulutsa mndandanda wa mabuku ochipa a olemba a mu Afirika, wochedwa African Writers Series. Loyamba linali Things Fall Apart la Chinua Achebe wa ku Nigeria. Lacinai linali Zambia Shall Be Free la Kenneth Kaunda. Onani caka cimeneco bwino: ufulu unabwera pa 24 Okutobala 1964, ndiye kuti bukulo linalembedwa dziko likadali m'manja mwa atsamunda, wolembayo asanadziwe ngati zimene akulonjeza zidzacitika. M'menemo asimba za ubwana wace ku Lubwa pafupi ndi Chinsali, za imfa ya atate ace iye ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, za uphunzitsi wace, za maulendo a panjinga, ndi za kundende. Achulanso mabuku awiri amene anamuumba mtima ali mnyamata, Talks to Boys la Arthur Mee ndi In Tune with the Infinite la Ralph Waldo Trine. Sanali mabuku a mayeso. Anawawerenga mwa kufuna kwace, ndipo anawakumbukira kufikira ukulu.

Citsanzo cina ndi ca Legson Kayira wa kumpoto kwa Nyasaland. Ali pa sukulu ku Livingstonia anawerenga za Abraham Lincoln, ndiponso za Booker T. Washington, amene anabadwa kapolo ku America nadzakhala mphunzitsi wochuka. Nkhani zimenezi zinamusowetsa tulo. M'caka ca 1958 ananyamuka wapansi kulinga kumpoto, cifuno cace ciri cokaphunzira ku America. M'katundu wace wocepa munali mabuku awiri, Baibulo ndi buku lija la Bunyan. Atafika ku Kampala analowa m'laibulale, napeza buku la maina a makoleji a ku America, nalembera kalata Skagit Valley College. Anamuyankha kuti abwere. Anapitirira ulendo kufikira ku Khartoum, ndipo anafika ku America kumapeto kwa caka ca 1960. Zonsezi anazilemba m'buku lace I Will Try, lotuluka m'caka ca 1965. Taonani mmene unyolo ulumikizirana: munthu wobadwa kapolo alemba za moyo wace, mnyamata wa kumudzi awerenga, ayenda, nayenso alemba, ndipo wina adzawerenga. Ici ndico cifukwa cace akulu amati mau a akulu akoma akagonera.

Koma ana inu, powerenga nkhani ya moyo khalani ocenjera. Wolemba amasankha zonena ndi zosiya, ndipo palibe munthu amakonda kuonetsa cigamba ca kumbuyo kwa malaya ace. Mukawerenga za nkhondo ya ufulu m'buku la munthu mmodzi, funaninso la wina, monga Singing for Freedom la Andreya Masiye, lotuluka m'caka ca 1977, losimba mmene nyimbo zinathandizira pa nkhondoyo. Mutu umodzi susenza denga.

Mabuku a kumphika

Mtundu wacitatu ena adzaudabwa. Kodi munthu angawerenge buku la zophika pocezera? Inde angathe, ndipo ambiri amatero. Powerenga mmene anthu a ku India amasakanizira zokometsera zao, kapena mmene a ku Ghana amasinjira cinangwa ndi nthoci, munthu amalowa m'nyumba zao osalipira basi. Cakudya cimaulula mbewu zimene anthu amalima, mvula imene amalandira, ndi alendo amene anawacezerapo.

Ku England buku lochuka la mtundu umenewu linali la Isabella Beeton, lotuluka m'caka ca 1861. Mabuku otere anabwera kuno m'mabokosi a akazi a amishoni ndi a mabwana a boma, ndipo akhuki ogwira nchito m'nyumba zao anaphunzira kuphika buledi, supu ndi makeke. M'masukulu a atsikana, monga ya Mbereshi imene Mabel Shaw anayamba m'caka ca 1915, munkaphunzitsidwa za kusamala nyumba. Koma nsima ndi ndiwo zathu zinacedwa kulowa m'buku. Ambiri ankaganiza kuti cinthu cimene mkazi ali yense amadziwa sicifunika kulembedwa.

Oyamba kulemba za cakudya cathu mosamala anali ofufuza. Audrey Richards anakhala pakati pa Abemba, nalemba buku lochedwa Land, Labour and Diet in Northern Rhodesia, la m'caka ca 1939, m'mene afotokoza kalimidwe ka mawere, kaphikidwe ka ubwali, ndi miyezi ya njala. Jessie Williamson anasonkhanitsa maina a zomera za ku Nyasaland ndi nchito zace, ndiwo za kuthengo ziri pomwepo, m'buku la Useful Plants of Nyasaland la m'caka ca 1955. Kuno kwathu, National Food and Nutrition Commission inakhazikitsidwa m'caka ca 1967 kuti iphunzitse anthu kadyedwe koyenera, makamaka ka ana. Ku Malawi, m'caka ca 1974, amai atatu, Annabel Shaxson, Pat Dickson ndi June Walker, anatulutsa The Malawi Cookbook, ndipo sanacite manyazi kuikamo kakazingidwe ka inswa ndi dziwala. M'zaka za pambuyo pace Sylvia Banda wa ku Lusaka analemba za zakudya za Zambia ndi kulimbikitsa kufutsa ndiwo zamasamba.

Kulemba kaphikidwe kathu ndi nchito yobvuta kuposa mmene mungaganizire. Buku limafuna muyeso: makapu angati, masupuni angati, mphindi zingati. Koma amai anu amayesa ndi dzanja, ndi diso, ndi mphuno. Tengani cikanda. Timbatata tace, timene timakumbidwa m'madambo, amatitsuka, kutiyanika ndi kutisinja. Amayamba kuwiritsa nsinjiro m'madzi, kenaka amathira ufa wa cikanda pang'ono-pang'ono akutakasa, ndi mcere, tsabola ndi soda. Cikalimba amacisalaza pamwamba, nabvundikira, naika makala a moto pa cibvundikiro kuti cipsye bwino. Mukafunsa kuti, "Nanga mudziwa bwanji kuti calimba?" adzakuuzani kuti mthiko ndiwo umanena. Wolemba buku ayenera kukhala pambali pa mphikawo ndi kapu ndi koloko, kufikira asandutse nzeru ya m'dzanja kukhala mau amene mlendo angatsate. Akapanda kutero, nzeruyo idzapita monga zinapitira nthano za nkhalamba zija.

Cimene cinabweza nchito m'mbuyo

Mwina mufunsa kuti, ngati mabuku onsewa analembedwa, ali kuti? Zifukwa zazikulu ndi ziwiri. Coyamba, kuyambira m'caka ca 1966 ana a dziko lino anayamba kuphunzira maphunziro onse m'Cingerezi kucokera m'Giredi 1. Cinyanja ndi zinenero zinzace zinatsala phunziro limodzi pakati pa ambiri, ndipo makolo ena anayamba kuona buku la Cinyanja ngati cinthu copanda phindu. Mwana wowerenga cinenero cimene sacimva bwino amawerenga ngati wosenza mtolo wa nkhuni zaziwisi, ndipo sangawerenge pocezera. Caciwiri, mtengo wa mkuwa unagwa m'caka ca 1975. Mapepala ndi inki zinkagulidwa kunja, ndalama zakunja zinasowa, ndipo zocepa zimene zinalipo zinapita ku mabuku a m'kalasi. Mabuku ocezera akatha m'sitolo sankasindikizidwanso. Ambiri anadyedwa ndi ciswe m'makabati a masukulu, ena anathera kukulungira mtedza pamsika.

Komabe olemba sanaleke. Binwell Sinyangwe anatulutsa A Cowrie of Hope m'caka ca 2000, nkhani ya mai wamasiye wofunira mwana wace wamkazi ndalama za sukulu. Ellen Banda-Aaku analandira mphotho ya Penguin m'caka ca 2010 ndi buku lace Patchwork. Namwali Serpell, wobadwira ku Lusaka, anapambana mphotho ya Caine m'caka ca 2015, ndipo buku lace lalikulu The Old Drift linatuluka m'caka ca 2019. Onsewa analemba m'Cingerezi. Malo a Ntara, Zulu ndi Chongo akudikira wina wa inu.

Mau kwa aphunzitsi ndi ana

Aphunzitsi anzanga, mbiri imeneyi itiphunzitsa kuti anthu anakonda kuwerenga pamene anapeza nkhani yowakhudza, m'cinenero cimene amamva, pa mtengo umene angathe. Patulani mphindi khumi ndi zisanu pa tsiku zowerengera ana nkhani mokweza, ndipo mukatsiriza musawafunse mafunso a mayeso. Lekezani pamene nkhani yafika pokoma, kuti mawa akukumbutseni okha. Ngati m'kabati ya sukulu muli mabuku, tsegulani kabatiyo. Buku long'ambika cifukwa ca manja a ana lagwira nchito yace, koma lokhala latsopano zaka khumi lapindulira ciswe cokha.

Ndipo inu ana, nchito yanu nayi. Pezani kope limodzi la kalasi lonse, muligawe patatu. M'gawo loyamba lembani nthano imene munamva kwanu, monga momwe anaikambira. M'gawo laciwiri pitani kwa munthu wokalamba wa m'mudzi mwanu, mum'patse moni mwaulemu, mum'pemphe akusimbireni za ulendo wace woyamba wa ku tauni kapena za caka ca njala cimene akumbukira, ndipo mulembe dzina la malo ndi caka. M'gawo lacitatu khalani pafupi ndi amai kapena agogo pamene akuphika thobwa, cigumu kapena mfutso wotendera, muyese zonse ndi kapu, mulembe mwa dongosolo lace. Pakutha pa temu muwerengerane. Samuel Ntara nayenso anali mphunzitsi wa pa mishoni wokhala ndi kope ndi colembera, ndipo zimene analemba zawerengedwa zaka zoposa makumi asanu ndi anai.